Tenanti wanga watha miyezi itatu osalipira, ndichotse chitseko?

MayiWaKu25:
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru kwa inu amene muli ndi nyumba za lendi. Ndili ndi nyumba zitatu pa poloti imodzi ku Area 25, ku Lilongwe kuno. Ziwiri zilibe vuto. Yachitatu mukukhala banja la ana awiri, lendi yake K90,000 pamwezi. Bambo wake ankagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni koma akuti inatha. Uno ndi mwezi wachitatu osandipatsa kanthu. Ndikapita amandilandira bwino, mpando kundipatsa, kenako "mayi tipirireni, sabata yamawa zitheka." Sabatayo siikufika. Chikundimanga manja n'chakuti timapemphera mpingo umodzi, ndipo mkazi wake tili naye m'Chigwirizano cha amayi. Polowa sitinalemberane kalikonse. Mlamu wanga akuti ndingotumiza kalipentala akazule chitseko, pofika madzulo adzakhala atasamuka okha. Nyumbazi anandisiyira ndi malemu amuna anga, ndipo fizi ya mwana wanga imachokera pomwepo. Nditani abale?

Ndix_Boy:
Mlamu wanu akunena zoona mayi. Kuno ku Ndirande mankhwala ake ndi omwewo. Munthu wa chitseko chotseka sachita changu.

Kalaliki_wa_Maloya:
Mayi, chitsekocho musachikhudze. Ndagwira ntchito nthawi yaitali mu ofesi ya maloya, ndipo nkhani zotere ndaziona zikutembenukira mwini nyumba. Lero wodandaula ndinu, ndalama zanu ndi K270,000. Mukazula chitseko, usiku womwewo wina n'kulowa n'kunyamula TV, kapenanso tenantiyo n'kungonena kuti TV ndi ndalama zasowa, mawa lake wodandaula akhala iyeyo, inu n'kukhala woyankha mlandu. N'chimodzimodzi kuika loko wina katundu ali m'kati, kusasula malata, kapena kutulutsa katundu panja. Munthu angakhale ali ndi ngongole, womutulutsa mokakamiza ndi khothi kudzera kwa masherifu, osati inu ndi kalipentala.

Yambani ndi kalata. Lembani tsiku, dzina lake, miyezi imene sanalipire, ndalama zonse pamodzi, ndi tsiku limene mukufuna nyumba ikhale yopanda munthu. Popeza amalipira mwezi ndi mwezi, mupatseni notisi ya mwezi wathunthu. Makalata akhale awiri, asayine onse, ina atenge ina musunge. Mupite ndi mboni yosakhala m'bale wanu. Akakana kusayina, mboniyo ilembe pansi kuti kalata inaperekedwa tsiku lakuti, iye anakana. Kusalemberana polowa sikutanthauza kuti panalibe mgwirizano. Ngati ankakutumizirani pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mauthengawo musafufute, ndiwo umboni wakuti lendi inali K90,000 ndiponso wa mwezi umene anasiyira.

Kupolisi musataye nthawi. Akakuuzani kuti ngongole ya lendi si mlandu wa upandu, pitani kwa majisitireti.

Ndix_Boy:
Bwana kalaliki, khothi la ku Malawi mulidziwa inu. Mayiwa azikayenda mpaka liti, munthu akugona ulere m'nyumba mwawo? Fizi ya mwana idikira chigamulo?

Kalaliki_wa_Maloya:
Sindinanene kuti athamangire kukhothi mawa, achimwene. Ndati ayale mapepala bwino kuti akafunika kupita, apite ali ndi poyambira. Ambiri akangolandira kalata yosayinidwa pamaso pa mboni amayamba kufunafuna kolowera.

GogoWaChilomoni:
Mwanawe, ndiyankhule monga munthu amene wakhala ndi matenanti kuyambira nthawi ya Kamuzu. Pali zinthu ziwiri ukuzifuna nthawi imodzi: ndalama zako ndi nyumba yako. Kwa munthu amene ntchito yamuthera, zonse ziwiri suzipeza. Sankhapo chimodzi. Ine ndimasankha nyumba, chifukwa mwezi uliwonse umene akhalamo ngongole ikukula, pomwe thumba lake silikukula.

Ndimachita chonchi. Ndimamuitana pamodzi ndi mkazi wake, pakhale a mfumu a m'dera kapena block leader. Ndimamuuza kuti pa miyezi itatuyi umodzi ndakukhululukira, iwiri tilemberane uzidzabweza pang'onopang'ono, koma pofika pa 30 makiyi akhale m'manja mwanga. Nthawi zina ndimalipira ndekha galimoto yosamutsira. Anthu amandiseka kuti agogo mukulipira munthu amene wakudyerani ndalama, koma tawerengera wekha: ndalama ya galimoto ndi yochepa poyerekeza ndi miyezi ina iwiri yopanda lendi. Ambiri amene amakakamira m'nyumba si amwano, alibe ya galimoto ndi ya kulowera kwina basi.

Ndipo mkazi wake azikhalapo ndithu. Kangapo ndapeza kuti mayi wa m'nyumba sakudziwa n'komwe kuti pali ngongole, bambo amamuuza kuti analipira.

MayiWaKu25:
Agogo, apa mwandikhudza. Mkaziyo timaonana Lachinayi lililonse ku Chigwirizano ndipo amandipatsa moni mosaonetsa kuti pali kanthu. Mwina sakudziwadi.

TenantiWamba:
Ine ndilibe nyumba, ndimakhala ya lendi ku Chilinde, koma ndiloleni ndilankhulepo. Alandilodi mumatiweruza ngati tonse ndife akuba. Munthuyu wakhala m'nyumbamo zaka zingati akulipira bwino? Zimenezo palibe wafunsa. Komanso inuyo, denga likamadontha mumabwera liti? Kwathu kuno mpope wa panja unathyoka chaka chatha, tinakonza ndi ndalama zathu, a landilodi anakana kuchotsera pa lendi. Koma pa 1 pakangokwana, 6 koloko m'mawa ali pakhomo. Ulemu uzipita mbali zonse.

MayiWaKu25:
Mwafunsa bwino. Akhalamo zaka ziwiri, ndipo m'mbuyo monsemu sanandivutitsepo. N'chifukwa chake za chitseko zikundilemera mumtima.

Ndix_Boy:
Chisoni chimenecho ndi chimene chimagwetsa bizinesi.

GogoWaChilomoni:
Iwe mnyamata, amene wakhala zaka ziwiri akulipira ndi wosiyana ndi amene analowa dzulo n'kuyamba nthano. Woyambayo umamutulutsa mwaulemu, chifukwa akadzapeza ntchito ndi yemweyo angadzakubwezere. Wozulidwa chitseko sabweza ngakhale tambala.

NyumbaZaMzuzu:
Ine nkhani yanga ndi ya mawa, akadzatuluka ameneyu. Mayi, wotsatira asadzalowe popanda pepala. Sikuti mpaka loya ayi, tsamba limodzi ndi lokwanira. Langa limanena izi: dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika (ndimajambulanso chiphasocho pa foni), kumene amagwira ntchito kapena kumene amachitira geni, m'bale mmodzi amene ndingamuimbire, lendi ndi tsiku lolipira, anthu okhalamo angati, za madzi ndi magetsi alipira ndani, notisi ya mwezi umodzi mbali zonse, ndiponso kuti lendi tidzaionanso pakatha chaka. Dipoziti ndimatenga ya mwezi umodzi, ndipo pepalalo limanena poyera kuti dipoziti si lendi ya mwezi womaliza. Mukapanda kulemba zimenezo, aliyense amakuuzani kuti "mwezi uno mudye dipoziti ija," n'kukusiyirani magalasi osweka ndi khoma lakuda ndi utsi wa mbaula.

Tsiku lolowa timayenda limodzi chipinda ndi chipinda, ine ndikujambula: maloko, masoketi, magalasi, mipope, siling'i, chimbudzi. Zithunzizo ndimamutumizira pa WhatsApp nthawi yomweyo kuti tsiku lioneke. Potuluka sitikangana, timangotsegula foni.

China chimene chimandithandiza ku Luwinga kuno: ndimapempha nambala ya landilodi amene akuchokako. Amene wachoka bwino amapereka msanga. Amene wayamba "aaa, munthu uja ndi wovuta, sitinkamvana," ndimayamba ndafufuza kaye.

TenantiWamba:
Nanga ifeyo tingapemphe nambala ya tenanti amene watulukamo kuti timve za inu? Komanso dipoziti mumabweza inu? Ine sindinaonepo.

NyumbaZaMzuzu:
Pemphani, ine ndimapereka. Dipoziti ndimabweza pasanathe sabata, ndikachotsapo kanthu ndimaonetsa lisiti ya zimene ndagula. Penti wofwifwa chifukwa cha zaka ndi udindo wanga, sindidula. Koma mukunena zoona kuti anzathu ambiri amaidya tsiku lomwe ailandira, n'chifukwa potuluka amayamba kufufuza tizifukwa.

Che_Zomba:
Za madzi mwangodutsapo koma mpamene pamayambira ndewu zambiri. Poloti ya nyumba zitatu, mita imodzi, bilu ikabwera mugawana bwanji? Wina ndi mbeta amachoka m'mawa kubwera usiku, wina ali ndi ana anayi ndi matewera, winanso amagulitsa madzi oundana. Ine ndinayesa kugawa potengera mitu ya anthu, zinathandiza pang'ono, koma alendo akabwera kudzakhala mwezi nkhani imayambiranso. Mathero ake ndinaika timamita tating'ono pa paipi ya nyumba iliyonse. Pulambala amaika tsiku limodzi. Pa 28 timawerenga tonse pamodzi, aliyense amalipira zake, za mpope wa panja timagawana mofanana.

Magetsi ndiye musachite kufunsa, nyumba iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM ya mayunitsi. Kale nthawi ya mabilu munthu ankathawa n'kusiya ngongole pa dzina lanu. Pano akapanda kugula mayunitsi amagona mumdima yekha. Koma muziyendera ndithu. Tenanti akalumikiza mawaya mozemba mita, a magetsi akadzapeza adzafuna mwini nyumba, chifukwa dzina la pa mita ndi lanu.

MayiWaKu25:
Magetsi aliyense ali ndi mita yake, koma madzi ndi amodzi. Ndipo bilu ya madzi ya banja limeneli akulipira ndi anzawo awiri aja, ayamba kale kudandaula.

Che_Zomba:
Ndiye fulumirani mayi, musataye awiri abwino chifukwa cha mmodzi.

WakuJoni_84:
Pepani ndilowetsepo yanga popeza akuluakulu mwasonkhana. Ndili ku Johannesburg, ndakhala ndikusunga kandalama ndipo ndikufuna kumanga za lendi kumudzi. Ndimange nyumba imodzi yabwino ya mpanda, ya matailosi ndi giza, kapena mdadada wa tizipinda? Malo ndikuganiza Lilongwe cha ku Area 49 kapena Blantyre cha ku Machinjiri.

Akawunti_LL:
Achimwene a ku Joni, musanasankhe, gwirani cholembera. Ndipereke chitsanzo chabe, manambala muikemo anu. Tinene kuti poloti ndi kumanga zonse zadya K40 miliyoni, lendi n'kukhala K250,000 pamwezi. Pachaka ndi K3 miliyoni. Koma musawerengere miyezi 12. Chotsanipo mwezi umodzi wa nthawi imene nyumba ikhala yopanda munthu, wina umodzi wa kukonza: penti, maloko, kupopa septic tank, malata. Mwatsala ndi K2.5 miliyoni, msonkho tisanaukhudze. Ndalama zanu zibwerera pakatha zaka 16. Si zoipa, chifukwa nyumbayo ikadali yanu ndipo mtengo wake ukukwera, koma amene akuganiza kuti lendi imulemeretsa m'zaka zitatu adzakhumudwa.

Apa mpamene ndimachenjeza za ngongole. Chiwongoladzanja cha ku banki kuno n'chokwera kwambiri kuposa zimene lendi imabweretsa pachaka, choncho nyumba yomangira ngongole siidzilipira yokha, mudzaonjezera za m'thumba mwezi ndi mwezi. Za katapila ndiye musayerekeze.

Pa funso lanu, nyumba zing'onozing'ono zingapo zimabweza msanga kuposa imodzi yaikulu, ndipo mmodzi akapanda kulipira ena akukugwirani. Yaikulu ikakhala miyezi itatu yopanda munthu, ndiye kuti miyezi itatu ya zero. Koma zing'onozing'ono zimafuna munthu wokhala pafupi. Mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi ndiye kuti mabanja asanu ndi limodzi, chimbudzi chodzaza msanga, mikangano ya zingwe zoyanikira zovala. Inu muli ku Joni, aziona zimenezo ndani? Ine ndikanakhala inu ndikanamanga ziwiri kapena zitatu za zipinda ziwiri, iliyonse ndi bafa ndi chimbudzi chake m'kati, mita yake, khomo lake.

Che_Zomba:
Zimatengeranso malo. Kuno ku Zomba, cha ku Chikanda, anthu amamanga tizipinda ta ana a sukulu a ku Chanco, amalipiritsa pa bedi osati pa nyumba. Ndalama imaoneka, koma sukulu ikatsekera mumakhala miyezi osalandira, pokhapokha mutagwirizana zolipira pa semesita. Ndipo muzikonzekera kusintha maloko ndi masoketi chaka chilichonse.

MlongoWaKuLeeds:
WakuJoni, mverani ine amene ndili kunja ngati inu. Vuto lalikulu si mtundu wa nyumba, ndi amene akugwira ndalama zanu. Ndinkatumiza ndalama kwa m'bale wanga weniweni, iye n'kumanditumizira zithunzi za khoma likukwera. Nditapita ndinapeza kuti zithunzizo zinali za nyumba ya eni ake yoyandikana nayo, yanga ili pa fawundeshoni udzu utamera. Sindinathe ngakhale kulira, chifukwa mayi anga anali pomwepo akundipempha kuti nkhaniyi ithere m'banja.

Pano ndimachita mosiyana. Simenti ndi malata ndimalipira mwachindunji kusitolo, m'misiri amangokatenga. M'misiri ndimamulipira pa gawo: fawundeshoni ikatha, pa windo, pa lintala, denga. Gawo lililonse amandiimbira pa vidiyo ali pamalopo, ayende kuchokera pa msewu mpaka kuseri, ndione ndi nyumba zoyandikana nazo. Ndipo amene amayendera ntchito si amene amagwira ndalama. Lendi nayo imalowa mu akaunti yanga ya ku banki, woyang'anira ndimamulipira ndine mwezi ukatha. Ndalama ya lendi ikadutsira m'manja mwa wachibale imakumana ndi maliro, matenda ndi fetereza isanafike kwa inu, ndipo simungamutengere kukhothi mwana wa mayi anu.

WakuJoni_84:
Achemwali, mwandiopsa koma zikomo. Ine ndimati ndipatse mng'ono wanga zonse.

MlongoWaKuLeeds:
Mpatseni ntchito yoyendera, mumulipire bwino pa ntchito imeneyo. Mukatero ubale wanu ukhalitsa.

Kalaliki_wa_Maloya:
Ndionjezere za malo, chifukwa nyumba yabwino pa malo a mkangano ndi kutaya ndalama. M'mphepete mwa mizinda yathu poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ali ndi kalata yodinda chidindo. Musanalipire, dziwani kuti malowo ali m'manja mwa ndani: a khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation, unduna wa za malo, kapena ndi malo a makolo. Wogulitsa akati ali ndi title deed, chikalata cha umwini wa malo, pitani ku Lands mukachite search, kufufuza m'kaundula wa malo, muone ngati dzina ndi lakedi ndiponso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Malamulo a malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, choncho zimene ankachita amalume anu kale pongopereka nkhuku kwa a mfumu musazidalire. Ngati ndi malo a banja, onse oyenera asayine, osati mmodzi amene wabwera ndi dobadoba. Mapepala alembedwe m'dzina lanu, osati la amene mwamutuma.

Ndipo yang'anani pamene madzi amadutsa. Tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche. Poloti yotchipa m'mbali mwa phiri kapena m'khwawa, mukaika anthu a lendi, mwaika miyoyo ya ana a eni ake. Kaoneni malo nthawi ya dzinja, osati mu October.

BamboWaMachinjiri:
Zoona zimenezo. Ndipo pomanga musaumire pa chimbudzi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inavuta kwambiri m'malo othithikana, momwe mabanja ambiri amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chodzaza. Landilodi amene akumanga chitseko chachisanu ndi chiwiri asanakumbe chimbudzi chachiwiri akulakwira anthu.

Koma ine funso langa ndi la kukweza lendi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti, penti, malata, zonse zinakwera. Matenanti anga ndi aphunzitsi awiri ndi namwino, malipiro awo sanakwere chomwecho. Ndikakweza kwambiri athawa, ndikapanda kukweza nyumba ikugwa ndilibe chokonzera. Anzanga mukuchita bwanji?

TenantiWamba:
Ena anatikwezera kawiri chaka chimodzi, uthenga wa pa foni usiku wa pa 29, kuti kuyambira pa 1. Nyumba yomweyo, ming'alu yomweyo. Dola imalowa pati pa nyumba yomangidwa 1998?

Akawunti_LL:
Imalowa pa lata limene adzagule likadontha, achimwene, koma pa za uthenga wa pa 29 mukunena zoona, kumeneko n'kulakwa. BamboWaMachinjiri, kwezani pang'ono chaka chilichonse, mwezi wodziwika, ndipo muwauze miyezi iwiri kapena itatu isanakwane. Choopsa ndi kukhala zaka zinayi osakweza chifukwa cha manyazi, kenako n'kudzakweza kamodzi ndi theka lathunthu. Pamenepo munthu amaona ngati mukumuthamangitsa. Komanso werengerani mtengo wa kutaya tenanti wabwino. Mukakweza ndi K30,000 iye n'kuchoka, nyumba n'kukhala miyezi iwiri yopanda munthu, kuonjezapo penti ndi ya ejenti, chaka chimenecho mwaluza. Mphunzitsi amene amalipira pa tsiku lake ndi wofunika kuposa mlendo wolonjeza zambiri.

GogoWaChilomoni:
Ine ndikafuna kukweza ndimayamba ndakonza kanthu kooneka. Chaka china ndinaika thanki ya madzi, china ndinapaka penti panja. Ukabwera ndi nkhani ya kukweza munthu akuona kuti ndalama zake zikugwira ntchito, sakangana nawe kwambiri.

BamboWaMachinjiri:
Ndamva. Ndiwalembera mwezi uno kuti January tidzakweza, ndiyambe ndakonza ngalande ya kuseri imene akhala akuidandaula.

Ndix_Boy:
Nanga msonkho mukuuopa chiyani? Ndani amalipira msonkho pa nyumba ya ku Ndirande?

Akawunti_LL:
Ndalama ya lendi ndi phindu ngati lina lililonse, ndipo lamulo limati ilipiridwe msonkho ku MRA. Amene mumachititsa lendi ku kampani kapena ku bungwe mukudziwa kale kuti iwo amaduliratu msonkho (withholding tax) asanakupatseni, ndipo amafuna nambala yanu ya msonkho. Muzitenga satifiketi ya ndalama imene adulayo, imagwira ntchito powerengera msonkho wanu wa pachaka. Pali city rates, msonkho wa nyumba ku khonsolo, palinso ground rent, lendi ya malo, ngati malo anu ndi obwereka (a lease). Zimenezi zimaunjikana mwakachetechete, mumadzaziona tsiku limene mukufuna kugulitsa nyumba kapena kusintha dzina. Sungani kabuku: zolowa mbali ina, zotuluka mbali ina, malisiti m'envulopu. Ndiponso lendi muzilandira pa foni kapena ku banki. Ya pamanja imathera pa msika tsiku lomwelo ndipo siisiya umboni.

NamaWaKawale:
Tabwererani kwa mayi aja, mwawasiya okha. Mayi, ine chandikhudza ndi mlamu wanuyo. Nyumba anakusiyirani amuna anu, mapepala ali m'dzina la ndani? Ndikufunsa chifukwa ndinaona mnzanga wamasiye, achibale a mwamuna anayamba ndi kuthandiza kutolera lendi, kenako matenanti anayamba kulipira kwa iwo. Mwina mlamu wanu ndi wabwino, sindikumudziwa. Koma musalole kuti aziyankhula ndi matenanti m'malo mwanu.

Kalaliki_wa_Maloya:
Funso labwino. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma mayi, ngati mapepala akadali m'dzina la malemu, yambani kuyendetsa zosintha. Zimafunika makalata a kukhothi okupatsani mphamvu yoyendetsa chumacho. Mukasowa ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo. Zimathandizanso pa nkhani ngati ya tenantiyi, chifukwa mukafika kukhothi funso loyamba ndi lakuti inu ndinu ndani pa nyumbayi.

MayiWaKu25:
Mlamu wanga sanandivutepo, ndi mtima wachangu chabe. Koma mapepala akadalidi m'dzina la malemu, ndiyamba kuyendetsa.

Za tenanti uja, dzulo madzulo ndinapita ndi a block leader athu, ndinapempha kuti mkazi wake akhalepo. Agogo munanena zoona, mayiyo ankadziwa za mwezi umodzi wokha. Anangoti chete, n'kuyang'ana mwamuna wake, kenako n'kulowa kuchipinda. Atatuluka anabwera ndi K40,000 ya geni yake ya mandasi, atakulunga pa kansalu. Ndinalandira n'kulemba lisiti pomwepo. Tagwirizana kuti mwezi umodzi ndawakhululukira. Yotsala K140,000 azibweza K20,000 pamwezi. Atuluka pa 30 mwezi wamawa, akuti apeza ya chipinda chimodzi cha ku Mgona. Mwezi wa notisiwu mkaziyo wati alipira yekha theka, ndavomera. Tonse tasayina, a block leader asayinanso.

Ndix_Boy:
K20,000 imeneyo mukailandira kawiri mudzandiuze mayi. Koma bola nyumba ibwerera.

GogoWaChilomoni:
Wachita bwino mwanawe. Pa 30 upite wekha kukalandira makiyi, usatume munthu. Ndipo nkhaniyi isamveke ku Chigwirizano kuchokera pakamwa pako, mayi uja wachita manyazi okwanira.

TenantiWamba:
Akanakhala onse otere bwenzi tikulipira mokondwa. Mayi, nyumbayo ikatuluka munthu mundiuze, ndikufuna kuchoka kuno.

NyumbaZaMzuzu:
Akakufunsani nambala ya landilodi wanu wa ku Chilinde mupereke, achimwene. Mayi, loko wa pakhomo lalikulu mudzasinthe tsiku lomwelo, simudziwa makiyi anadulitsa angati. Muwerengenso mita ya madzi pamaso pawo asanakweze katundu.

Kalaliki_wa_Maloya:
Mayi, pa pepala mwasayiniranalo, mwalemba tsiku la mwezi limene K20,000 izilowa, ndi nambala imene azitumizirako? Ngati ayi, bwererani kwa a block leader muonjezere mzere umenewo asanasamuke, ndipo mulembenso kumene akupita ndi nambala ya mkazi wake.

MayiWaKu25:
Tsiku sitinalembe. Ndipita Loweruka m'mawa. A NyumbaZaMzuzu, chonde nditumizireni tsamba lanu lija ku inbox, pali kale anthu awiri afunsa nyumbayi.